Abakha pa Chikamwini

Lolemba
Abakha afika! Aakazi atatu ndi wamphongo mmodzi, m'dengu, pa kabaza kuchokera ku Khombedza. Ndasinthitsa ndi nyali zanga zophera usipa. Eni boti anagulitsa injini, nyalizo zimangochita dzimbiri.

Chilekere kunyanja ndimangokhala pakhonde, pano pa chikamwini, kudya mpunga wa apongozi. Mawu akumveka kale kuseri kwa mpanda: "Mkamwini wanji wodziwa kusamba m'manja kokha?" Mkazi wanga sanabise, malume ake atopa nane. Ndikapanda kuonetsa kanthu ndiona msana wa njira, ndisiye iye ndi mwana wathu Tiya. Zimenezi zikundiwopsa.

Cholinga changa:
mazira, kugulitsa ku Senga Bay
nyama
ulemu

Wamphongoyu ndamutcha Bwana. Akundiyang'ana ngati ndinamubera kanthu.

Lachiwiri
Khola ndamanga dzulo: nsungwi, ukonde wakale, chitseko cha lata. Denga ayi, bakha n'kukwera kumwamba?

M'mawa khola lili gwaa. Onse anayi ali padenga la apongozi. Kani amauluka! Wogulitsa uja sananene.

Kukawatsitsa sindingathe. Ine ndi apongozi sitionana maso chikwatire mwana wawo. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, pabwalo pawo sindiponda, akafuna kundiuza kanthu amadzera mwa mkazi wanga. Ndiwo ulemu wake. Abakha ulemu umenewu saudziwa.

Ndaima kuseri kwa nkhokwe, ndikugwedeza madeya m'mbale. Bwana wandiyang'ana, watembenuka, waipitsa denga.

Lachitatu
Zomwe adya lero:
usipa wa a Saidi, oyandikana nafe, pathandala
mpunga umene apongozi anayanika pamphasa
sopo wa mkazi wanga, theka
Zomwe sanakhudze: madeya anga.
Mazira: zii.

A Saidi sanakalipe, angopukusa mutu. "Achimwene, dulani nthenga za phiko limodzi. Inshallah akhala pansi." Ndadula ndi mpeni wa nsomba. Bwana wandikanda mkono wonse, magazi chuu.

Mkazi wanga wandipaka mchere pabala n'kubwerera kukhitchini. Bola akanatukwana.

Lachinayi
Sakuulukanso. Tsopano akuyenda wapansi, ndipo apeza chibowo kunsi kwa mpanda.

Ndapita kukafunsa msika. Mayi wa pamalo odyera: "Bakha? Amadzutsa zilonda zakale, makasitomala anga sangadye." A Saidi akuti angadye, koma akazinga shehe, osati ine. Wa pamalo ogona alendo akuti mazira ndibwere nawo kaye aone. Ndibwere nawo ati?

Madzulo mkazi wanga akuti mbande za mpunga za amayi ake ku sikimu yothirira zakula bwino, Lolemba awokera. Nazale yonse ndi mbewu imene anasunga chaka chatha, ina palibe. Wanena akundiyang'ana ine, kenako khola.

Chibowo ndatseka ndi njerwa. Ndagona mtima uli m'malo.

Lachisanu
Chibowo china!

Masana, kunja kuli zii. Amuna apita kumzikiti ku Juma, mkazi wanga ali kumsika ndi tomato, Tiya kusukulu. Ndalondola mapazi mpaka kungalande, ngalande mpaka ku sikimu. Ndawapeza. Ali m'nazale mwa apongozi, akuzula mbande ngati aganyu.

Ndipo apongozi ali pompo! Agona pamthunzi m'mbali mwa nazale, mpango kumaso, chitenje chamasuka. Kuti ndifike pa abakha ndiyenera kudutsa pamapazi awo. Ndagwira njakata.

Zomwe ndayesa, ndili kuseri kwa nthochi:
kutsokomola mwaulemu
kutsokomola mopanda ulemu
kuimba likhweru
kupemphera

Apongozi akuliza mkonono. Mbande zikutha ndikuona ndi maso angawa. Munthu woti ndimutume palibe.

Ndatola chigulumwa cha dothi, ndalunjika Bwana. Bwana waweramira m'madzi.

Pamsana pa apongozi, phu!

Adzuka. Tayang'anana maso kwa nthawi yoyamba chikwatire. Ali ndi maso a Tiya. Ndiye miyendo yanga yachita zomwe inazolowera zaka zonsezi, yathawira kutchire.

Loweruka
Malume a mkazi wanga afika ndi ndodo yawo, akhala pansi pa mango. Ine pamphasa, mutu pansi. Apongozi ali m'nyumba mwathu, akulankhulira pazenera kuti tisaonane. Mwambo ukadalipo ndithu.

Milandu yanga:
nazale yatha
ndagenda apongozi
ndawaona atagona
ndathawa

Ndafotokoza kuti ndimalinga bakha, ndipo kuyandikira sindikanatha chifukwa cha ulemu. Mawu a pazenera: "Akanandiponda n'kupulumutsa mpunga, ndikanawakhululukira. Ulemu wawowo tidya?"

Palibe anaseka, kupatula a Saidi kuseri kwa mpanda, ndipo nawonso anasandutsa chifuwa.

Malume akuti ndipite kwathu ndikapume kaye, adzandiitana mitima ikatsika. Mwamuna wa mlamu wanga anapita kukapuma kaye Tiya asanabadwe. Mpaka lero akupumabe.

Ndafunsa za abakha. Akuti atsala, alowa m'malo mwa mbewu.

Mkazi wanga walira m'khitchini. Ine kulira ndalephera.

Lamulungu
Katundu wanga yense wakwana m'thumba la feteleza: bulangeti, malaya, mpeni wa nsomba. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndaterereka pa matope a bakha.

Mkazi wanga wandimangira mpunga pang'ono m'kansalu, mobisa. Akuti ndisamazimitse foni.

Ndikutuluka, Tiya akuthamanga kuchokera kwa agogo ake, manja onse awiri atafumbata. "Ababa, taonani! Waikira m'lichero la agogo!" Dzira. Lalikulu, lofunda. Akuti agogo akondwa, abakha awathirira madeya pakhonde.

Ndamuuza alibweze asanaliswe. Akufunsa ngati ndibwera mawa. Ndati ndikapuma kaye.

Ndasuzumira pampanda. Bwana wakhala pamphasa ya apongozi, pambali pawo penipeni, akudya. Pabwalo limenelo ine sindinapondepo, iye sabata imodzi yamukwanira.

Wa kabaza akuliza belu kumsewu. Ndi yemwe uja anabweretsa dengu Lolemba.