Maungu Ovala Zipewa za Mwana

Mpaka lero akazi anga akangomva mawu oti nkhwani amayamba kuseka, ndiye bola ndiulule ndekha asanandiyalutse kwa anthu.

Tinkakhala ku Barking, kudziko la azungu, m'nyumba ya lendi yokhala ndi kadimba kuseri. Mayiwa anali oyembekezera, ndipo mtima wawo unali pa ndiwo imodzi basi: nkhwani wotendera. Sipinachi wa m'shopu ankamuyang'ana ngati wawalakwira. Ine ndinali ndi nthanga zochepa za maungu zimene bambo anga anandipatsa ku Ntcheu, choncho ndinalonjeza (dzanja lili pachifuwa) kuti mwana asanabadwe, nkhwani adya.

Mu Malichi dzuwa linawala sabata yathunthu, azungu n'kuyamba kuyenda ndi makabudula. Mbande zanga zinali zitamera kale pawindo, ndiye ndinazitulutsa kukawokera. Gogo Doris, mzungu wa nyumba yoyandikana nafe, anasuzumira pampanda.

"Mwananga, makolo athu anasiya mawu onena za dzuwa la mwezi uno," anatero. Mawuwo anawatchula m'chizungu, koma tanthauzo lake linali loti dzuwalo ndi lonyenga, kuzizira sikunapite, munthu udikire.

Ndinathokoza mwaulemu, mumtima ndikuti: munthu wogula kabichi wa m'pulasitiki aphunzitse ulimi mwana wa ku Ntcheu? Chifukwa cha chisoni ndinawapatsako nthanga zimene zinatsala, kuti nawonso aphunzire.

Patangopita masiku ochepa, ndikutsika basi kuchokera ku shifiti masana, ndinaona sinowo, chipale chofewa chija, ikugwa. Ndinathamanga ngati wakuba. Poyamba ndinafunditsa mbandezo matawulo, koma analemera, imodzi n'kuthyoka. Ndinayesa masokosi anga, osakwana. Apa m'pamene maso anagwera pa sutikesi ya zovala za mwana wosabadwayo. Mbande iliyonse inalandira kachipewa kake, zikuluzikulu n'kuwonjezeredwa kajuzi. Jekete yanga inapita kwa ya pakona (inkaoneka yofooka). Kenako ndinakoka chingwe cha magetsi kuchokera kukhitchini, n'kuyamba kuziuzira mpweya wotentha ndi makina a mayi oumitsira tsitsi.

Umu ndi mmene mayiwa anandipezera pochokera ku sikelo: nditagwada m'matope, ndili ndi vesiti yokha, mano akugundana.

"Inu bambo," anatero modekha, "mwana wathu wabadwa liti? Nanga bwanji alipo ambiri chonchi?"

Kutacha zonse zinali zitafa, zovala zili m'thupi. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa nthanga zina ndinalibe. Nditaimbira foni bambo kumudzi kuti andipepese, anangofunsa, "Kodi iwe, mvula yoyamba ija ya chizimalupsa timabzalira?"

"Ayi bambo, imanamiza."

"Ndiye unkaganiza kuti kwa azunguko kulibe chizimalupsa chawo?"

Mu Ogasiti, mimba ili pafupi kutha, ndinamva phokoso kuseri kwa mpanda. Gogo Doris, amene anabzala nthanga zanga zija kumapeto kwa Meyi, anali kudula masamba a maungu n'kumawaponya m'bini, ati akutchinga njira. Mwana wa ku Ntcheu ndinapinda manja, n'kupempha zinyalala za mzungu.

Mayi anadya nkhwani wawo, akuyamikira mlimi wake, Gogo Doris, mochita kutchula dzina. Mwana anatuluka m'chipatala atavala chipewa chokhala ndi banga la dothi limene sopo analephera kuchotsa. Ndipo Malichi aliyense dzuwa likangowala, mayiwa amabisa fosholo, chifukwa amandidziwa.