Njanji ya pa Chitseko

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musayambe kuseka ndisanamalize. Ndinalota nditagwada pa chitseko chakale cha kukhitchini, chimene ndinachizula kuti ndiyalepo kanjanji kachidole. Kasitimako ananditumizira mwana wanga wa ku Joni, pamodzi ndi tinjanji take topapatiza, mpata wake wosakwana ndi chala chomwe. Ndikukonzera a Makwinja, amene ndinawathirira malasha mu injini zaka khumi ndi zinayi iwo akuyendetsa. Maso awo akuchita khungu, ndipo adokotala anawauza kuti mvula ikamadzagwa adzakhala asakuonanso. Ndikufuna ayendetseko sitima kamodzi akuiona. Koma miyezi iwiri yatha ndikungojambula ndi kufufuta, chifukwa ndinalumbira kuti masiteshoni onse, kuchokera ku Limbe mpaka ku Nsanje, akwane pa chitseko chimodzi. Njanji yozungulira ndinaikana. Munthu amene anagwirapo ntchito ya njanji sayendetsa sitima yongothamangitsa mchira wake ngati galu. Imeneyo ndi ya ana.

Ndiye m'malotomo ndikukoka tepi yoyezera, tepiyo n'kundiyankha.

"Ine ndathera pompano, bambo Nakoma. Ngakhale mundikoke chotani, ku Nsanje sindifikako."

Ndinaikalipira kuti ndi yaulesi. Ndiye pensulo inatsika pakhutu panga n'kuyamba kudandaula kuti ndaisongola mpaka yatsala mutu wokha. Labala naye anati wadya Luchenza kasanu ndi kawiri, moti m'mimba mwake mwadzaza anthu odikira sitima. Chitseko sichinanene zambiri, chinangofunsa ngati nkhuku zikulowabe m'khitchini muja.

Mwadzidzidzi ndinachepa ngati nyemba, ndipo ndinapezeka nditaima pa siteshoni ya Limbe, yomangidwa ndi bokosi la machesi, dzuwa likuswa mtengo. Kunabwera bwana wa siteshoni atavala chipewa chake, n'kundiitanitsa pulani. Akuiwerenga, khosi lake linayamba kutalika ndi kufiira, jekete linamera nthenga, ndipo pofika pansi pa pepala anali atasanduka nkhukundembo. Anadinda pepalalo ndi phazi, n'kunena kuti pulani yabwino kwambiri, kungoti yaiwala kusiya malo oti sitima iyendepo.

Anali kunena zoona, ndipo zinandiwawa. Masiteshoni anali atapanikizana ngati anthu a mu minibasi. Mphuno ya injini inali ku Luchenza, mchira ukadali ku Limbe. Anthu ankakwera kumbuyo, kuyenda m'kati mwa mabogi, n'kutsikira kutsogolo akuthokoza kuti ayenda bwino, sitima isanasunthe n'komwe. Mayi wina wogulitsa nthochi anaima phazi limodzi pa siteshoni iyi, lina pa siteshoni inayo, akugulitsa konsekonse.

Ndiye kunatulukira woyendera njanji, kabuku kali m'manja. Ndinamupempha andithandize msanga chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana. Iye anakweza mwendo umodzi, n'kuusiya m'mwamba akuganiza, ndipo ndinaona kuti ndi bilimankhwe. Diso lina linayang'ana ku Limbe, lina ku Nsanje. Anandilangiza kuti mlatho wa ku Chiromo ndiuike pa bowo la kiyi, poti madzi akasefukira azitsikira momwemo. Za malo oyenda sitima anati abweranso chaka chamawa, ndipo mwendo uja anali asanauponde pansi.

Mwadzidzidzi ndinali mu injini, fosholo m'manja, ndikuthira mitu ya machesi pamoto. Pambali panga panali a Makwinja mu ovolosi yawo ya kale, dzanja pa chogwirira, maso atayera ngati mkaka. Mtima wanga unasweka. Anandipempha kuti ndiziwatchulira masiteshoni, poti zikwangwani ankangoziona ngati utsi. Sitima inanyamuka, ine n'kuyamba kutchula, koma mayina onse anatha mu mpweya umodzi. Ndisanameze malovu tinali titaoloka bowo la kiyi. Kutsogolo chikwangwani cha Nsanje chinali lende m'mphepete mwa chitseko, ndipo kuseri kwake kunalibe kanthu, phompho lokha mpaka pa simenti.

Ine ndinasangalala, kupusa kwangaku. Ndinawauza kuti tafika, masiteshoni onse akwana, palibe imene yatsala, agwire buleki. A Makwinja sanagwire. Anangotembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Ndiye yatha basi, achimwene?"

Ndinati eya, njanji yeniyeni imakhala ndi pothera, ndipo iwowo akudziwa bwino zimenezo kuposa ine.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma ndikafika nditsika, ndipo ndikatsika sindidzakweranso. Ipindeni ibwerere. Sindikufuna kufika."

Anzanga, ndinataya fosholo. Ndinadumpha n'kuthamanga kutsogolo kwa injini, ndipo m'maloto munthu wokalamba ngati ine amathamanga kuposa sitima. Ndinagwira mapeto a njanji ndi manja awiri. Inali yofewa ngati bango lauwisi, ndipo inandinong'oneza kuti yakhala ikudikira miyezi iwiri kuti ndiipemphe. Ndiye ndinaipinda, ndikukankha masiteshoni ndi chigongono kuti apereke njira. Ena anagwera pansi, anthu ake akutsika ndi maambulera. Nkhukundembo inkathamanga pambuyo panga ikukuwa kuti zimenezi m'buku la malamulo mulibe. Tepi inadzipinda yokha n'kulowa m'chikopa chake, ikuti ntchito yake yatha.

Ndinalumikiza mapetowo ndi poyambira paja injini itatsala pang'ono kundiponda. Inapendekeka pa khona, mawilo akulira, koma sinagwe. Inadutsa m'mphepete mwa chitseko, n'kudzeranso pa Limbe osaima. Pa chitseko chonsecho panatsala masiteshoni awiri okha ndi mlatho, ndipo malo anali mbwee.

Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa, aakulu ngati madengu. Ndinakuwa kuti a Makwinja, mvula ija yafika. Iwo anasuzumira pawindo, nkhope itanyowa, akuseka ngati mmene ankasekera tikakwera chitunda ndi katundu wolemera. Anati ndisawatchulirenso masiteshoni, aidziwa kale njira, aziyenda ndi makutu. Anandidutsa kachitatu, kachinayi, ndipo nthawi iliyonse ankakoka chingwe cha wezulo kundipatsa moni. Kwii, kwii. Kwii, kwii.

Ndinatsegula maso pilo itanyowa mbali imodzi. Kunja kunali kutayera, mvula kunalibe, ndipo kuseri kwa nyumba munthu wina ankapopa madzi pa mjigo wathu wosowa girisi uja, ukulira kwii, kwii.