Njinga ya Bambo Yakana Kulira

Lolemba

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu msuweni wanga Zakaliya akubwera kuchokera ku Chidzolomondo kudzatenga njinga yamoto ya malemu bambo. Abale anagamula choncho tsiku lometa: iye ndi mwana wa mlongo wa bambo, ndiye mota ndi yake. Ine mwana wobala ndinalandira jekete ndi wailesi yosoweka chogwirira. Sindikudandaula. Chabwino, ndikudandaula pang'ono.

Cholinga changa n'chimodzi: isanachoke pakhomo pano, ndiwakweze amayi kupita kutchalitchi komaliza. Bambo ankawakweza Lamulungu lililonse chibwerereni kuchokera ku Malawi, komwe tinathawira, nkhondo itatha. Tinabwera pa njinga yomweyi, amayi kumbuyo ndi mapoto, ine pathanki ngati thumba la mchere.

Ndaitulutsa, ndaipukuta mpaka yawala. Ndaponda kakhumi. Phwii! Kakhumi kena. Phwii! Amayi akusankha nyemba pakhonde, osadzutsa mutu: "Isiye." Akubisa chimwemwe, ndikuwadziwa.

Lachiwiri

Vuto ndi gazolina, palibenso china. Yakhalamo miyezi inayi, ikununkha ngati mowa wogonera.

Zomwe ndachita lero:
kukhuthula thanki
kumasula kabulado, yosakaniza gazolina ndi mpweya ija, n'kuitsuka m'beseni la amayi
kutaya kasipuling'i kakang'ono ngati njere ya mpiru
kuthamangitsa nkhuku yomwe ndimaiganizira kuti yakameza
kukapeza m'lichero la nyemba
kupepesa nkhuku

Gazolina yatsopano, lita imodzi. Ndaponda mpaka thukuta, kuno ku Tsangano, mwezi wa chisanu! Zii. Amayi aona beseni lawo, aona ine, akakhala kuseri kwa nkhokwe.

Lachitatu

Ndapita kumsika kwa amesitiri okonza njinga, omwe amanditcha Apurofesa poti ndine mphunzitsi. Akuti: "Apurofesa, mota imafuna zitatu basi, gazolina, mpweya ndi moto. Chotsani vela, pulagi yothetheka moto ija, muigunditse ku injini, mupondeko. Mukaona kamoto kabuluu, ili moyo."

Ndachotsa vela. Yakuda bii. Ndagunditsa, ndaponda. Kamoto kulibe. Ndagula vela yatsopano. Kamoto kulibe. Amesitiri anatinso zikakanika ndigwire waya ndi dzanja, magetsi akandimenya ndiye nkhani yabwino. Ndagwira, mnansi wathu akuponda. Chibadwire sindinalakelakepo kumenyedwa ngati lero. Magetsi sanandimenye n'komwe.

Ndiye moto mulibe. Ndalemba zimenezi m'kope ngati kuti kulemba kuthandiza.

Lachinayi

Amesitiri akuti mwina ndi pulatinado, tizitsulo tiwiri totsekula ndi kutseka kuti moto ubadwe. Ndatsekula chivundikiro cha m'mbali. Tizitsuloto ndatipala ndi chikhetcho cha bokosi la machesi, ndapima mpata wake ndi chikuto cha kope. Ntchito yooneka bwino kwambiri. Kuponda. Phwii!

M'kabokosi ka zipangizo ndapeza kansanza ka bambo. Ndi chidutswa cha chitenje chakale cha amayi, chija cha maluwa achikasu. Chikununkhabe manja a bambo. Ndakapinda n'kukabwezera momwemo.

Njingayi bambo sanandilolepo kuigwira. "Manja ako ndi a choko, iwe gwira buku." Zakaliya akabwera patchuthi ankanjuta nawo pambali pake tsiku lonse, mitu pamodzi, ine ndili pawindo kuloweza tabuwada, masamu ochulukitsa aja. Ndinkanena kuti sindisamala. Ndinkasamala, ndipo lero zikundiwawa kuposa kale.

Lachisanu

Njira yotsala: kukankha. Phiri tili nalo, Mulungu sanatimane. Amuna anayi a m'kwaya abwera kudzathandiza. Ine pampando, giya yachiwiri, iwo kumbuyo akuimba. Yatsetsereka! Ndasiya kalachi! Yatsokomola kawiri, yakhotera yokha m'munda wa kachewere wa anthu. Mizere itatu ndakumba popanda khasu.

Malangizo omwe ndalandira ndili chigonere m'mizeremo:
"Bobina, koyilo ya magetsi, yapsa imeneyo."
"Si bobina, ndi chisanu. Iotheni moto."
"Simunaiuze kuti mwini wake anapita. Chinthu chimafuna kuuzidwa."
"Apurofesa, dzukani kaye, mwagonera mbewu."

Kukwera nayo phiri pobwerera, oimba aja onse anakumbukira kuti ali ndi zochita. Bondo latupa. Galasi limodzi lasweka. Amayi andithowa bondo ndi madzi otentha. Atatha angoti: "Ndinati isiye."

Loweruka

Ndakumbukira! Bambo asanaponde ankawerama. Mutu pansi, dzanja lamanzere chogwirira kumpando, kachetechete pang'ono, kenako kuponda kamodzi kokha. Munthu ankapemphera! Ine sabata yonse ndangoponda ngati wachikunja.

Ndavala jekete yawo. Ndawerama, dzanja pampando. Atate Wathu m'Chichewa. Phwii. Atate Wathu m'Chipwitikizi, mwina anazolowera chimenecho. Phwii. Ndaiuzanso motsitsa mawu kuti mwini wake anapita, miyezi inayi yapitayo, m'mawa wa Lachiwiri. Njinga sinayankhe.

Amayi anaima pakhomo akundiyang'ana ndili chiweramire m'jekete imeneyo. Anaseka pang'ono, kenako anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba.

Ndawauza kuti ndalephera, mawa tiyenda pansi. Akuti: "Miyendo ndili nayo, mwanawe."

Lamulungu

Tapita pansi, tabwera pansi. Ine kutsimphina, amayi kundidikira.

Zakaliya tamupeza pakhomo, wabwera pa lole ya kachewere. Wapereka moni kwa amayi atagwada, kenako wazungulira njinga: "Msuweni, mumamenyana nayo? Wapambana ndani?" Ndamuuza kuti akafune ngolo, njingayi inafa ndi mwini wake. Ndamuwerengera zonse, kabulado, vela, pulatinado, phiri.

Wamvetsera mwaulemu. Wakwera. Wawerama, mutu pansi, dzanja lamanzere lalowa pansi pa mpando. Thee! Waponda kamodzi.

Yalira. Kulira komwe kuja, kokhala ngati ikutsokomola kenako ikuseka. Nkhuku zabalalika.

Si pemphero. Ndi kasiwichi kobisika kodula moto. "Amalume anakaika ku Malawi, kumsasa, kuopa akuba. Sanakuuzeni?" Sanandiuze. Zakaliya wasiya kuseka ataona nkhope yanga.

Wafuna kuwakweza amayi, angozungulira nawo mpaka kumsika. Ayankhira m'nyumba: "Pita bwino, mwananga. Upereke moni kwa amayi ako." Wapita. Ndaimva ikutsika phiri, ikuwoloka mlatho, mpaka kwatsala mphepo yokha.

Amayi ndawapeza kukhitchini, akhala pansi. Ndawafunsa ngati ankakadziwa kasiwichi kaja. "Ndinagwira waya ndine tsiku lomwe ankakaika." Nanga bwanji sabata yonse osanena, ine ndikuthyoka miyendo?

"Zaka zonsezi ikalira pabwalo ndimadzuka kukatereka madzi oti abambo ako asambe. Ndinkaopa kuti ikalira ndidzuka."

Ndayang'ana pamafuwa. Mphika waukulu uja uli pamoto, madzi ayamba kuwira. Takhala tonse awiri kuuyang'ana, palibe wofuna kuuphula.

Vela yakale yatsalira m'thumba la jekete. Ndiisunga.