Mazira a M'khwapa mwa a Tauno

Kuno kumudzi kwathu ku Haapakylä mukangotchula malemu Tauno Rautio, anthu amayamba apana m'khwapa kenako n'kuseka. Mkulu ameneyu ankayenda ndi mazira m'khwapa. Sanali wamisala ayi, anali pankhondo.

Nkhondo yake inali yopulumutsa mtundu wa nkhuku zimene mayi awo ankaweta, tinkhuku tamawangamawanga tamakedzana tosaopa chisanu. Mtunduwu unali utatha, kupatula tambala mmodzi ndi thadzi limodzi kwa nkhalamba ina ya kuseri kwa nkhalango. Thadzilo kuikira linkaikira, koma kukhalira mazira linkakana kwamtuwagalu.

A Tauno anakapempha mazira khumi ndi awiri, n'kuwaika pabenchi la m'sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi, kumasonkhamo kamoto kongofunditsa. Anaiwala chinthu chimodzi: kuno Loweruka ndi tsiku losamba nthunzi. Akazi awo, a Hilkka, anakoleza chimoto monga ankachitira zaka makumi anayi, n'kukhuthulira madzi pamiyala yotentha.

"Hilkka iwe! Wapha mtundu wonse!"

"Ukanandiuza. Tenga mchere, apsa bwino."

Bambo wamkulu ndi ndevu zake analira ngati mwana. A Hilkka anadya awiri, koma anawakhala pakhosi.

Atabwerera kwa nkhalamba ija anapeza tambala atamwalira, kwatsala mazira anayi otsiriza. Ndiye a Hilkka, pofuna kufafaniza mlandu, anasoka timatumba taubweya m'khwapa mwa juzi ya amuna awo. Milungu itatu a Tauno sanakweze mkono. Ankagona chokhala pampando. Chipale chofewa pakhomo ankakokola ndi a Hilkka, uku akutukwana. Abusa atatambasula dzanja kutchalitchi, mkuluyu anangogwedeza mutu. Kusauna sanapondeko, moti m'sitolo anthu ankawapatsa njira mwaulemu wodabwitsa.

"Tauno, uswa liti?" ankafuula motero a Reino, mnansi wawo. "Tikugulire matewera?"

"Khala chete, ukuwadzidzimutsa!"

Anaswadi: atambala atatu, thadzi limodzi. Nalonso linatengera mayi wake ulesi, choncho chaka ndi chaka juzi ija inkatuluka m'bokosi. Nkhuku zinafika makumi awiri.

Chaka chatha nkhandwe inalowa m'khola n'kumaliza zonse. A Tauno anatola mazira asanu pakati pa nthenga, n'kuwaika m'matumba a juzi ija. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, mtima utatopa, ndipo adokotala anawalamula kuti akagonekedwe. Anakana, ati kuchipatala akawavula juzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, a Hilkka anawapeza pampando paja atapita, mikono ili chipanire. Anapisa dzanja m'khwapa: mazira anali akadali ofunda.

"Chitsiru iwe," anatero. "Wandisiyira ntchito."

Anavala juziyo asanaimbire munthu aliyense foni.

Pamaliro palibe anaseka. A Reino atayandikira kuti awakumbatire, a Hilkka anabwerera m'mbuyo n'kunong'ona: "Ukuwadzidzimutsa." Misozi inangotsetsereka mpaka pachibwano, poti dzanja lopukutira sakanatha kulikweza.

Anaswa atatu, ndipo mmodzi ndi tambala. M'sitolo masiku ano mumanunkhira sopo yekhayekha, palibenso wopatsidwa njira, ndipo tikuvomereza kuti mudzi wazizira. Koma m'mawa katambala kaja kakalira ndi mawu ake osasa, a Hilkka amatsegula zenera n'kukalipa: "Ndamva, Tauno, ndamva!"