Malisiti Anga Osintha Mitu

Mpaka lero ndikapatsidwa lisiti m'sitolo ndimayamba ndaliwerenga mbali zonse ndisanatuluke. Ana anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndi kapepala kena kamene kanatsala pang'ono kundikweza galimoto ya polisi pa Ntchisi Boma, m'zaka zija munthu ukafuna kulowa mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kachipinda kokonzera tsitsi kuseri kwa msika. Katundu wanga yense anali mbaula, zipeso zamoto, ulusi wolukira, botolo la mafuta ndi galasi limene linkaonetsa munthu ngati watupa tsaya limodzi. Ntchito ndinkaidziwa, pamenepo sindinama. Koma tsidya lina la msewu kunali Nankhoma, amene ankaluka tsitsi pansi pa mtengo wa mango, ndipo amayi ankakhamukira komweko (ankatsata miseche, osati luso). Ine mwana wokulira ku Mvera, wophunzira kwa amishoni mpaka Sitandade 8, kugonja kwa munthu wopanda ndi chitseko chomwe? Zinkandiwawa.

Ndiye ndinapita ku Lilongwe kukaona msuweni wanga, ndipo anandiperekeza kukaona kumene amayi a m'tauni ankakonzetsa tsitsi. Iye anakonzetsa lake, ndipo potuluka eni malowo anamupatsa kapepala kosalala, pamwamba dzina la malowo, pakati chithunzi cha dona wa tsitsi lonyezimira, m'munsi mawu okopa.

"Aka n'koposa chikwangwani," anatero msuweni wanga. "Chikwangwani chimatsala pakhomo, koma lisiti limapita ndi munthu mpaka kwawo."

Mawu amenewo ndinawatafuna m'basi zitunda zonse za Dowa. Pofika kunyumba ndinali nditapeka kale anga, ndipo ndinawawerengera amuna anga, bambo a Gilesi, amene anali mphunzitsi wofatsa, woti ngakhale nkhuku ankaipempha kuti imupatse njira.

"Tamverani," ndinatero. "MUTU WAKALE WATOPA. BWERANI TIUSINTHE! Ndiye pansi pake: Kuseri kwa msika, masiku onse kupatula Lasabata."

Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Amayi a Gilesi, mawuwa mwawaganizira bwino?"

"Bwanji, muli Chichewa cholakwika?"

"Chichewa chili bwino. Mwina chachita kunyanya kumveka."

Ndinawauza kuti imeneyo ndi nsanje ya anthu olandira malipiro pamwezi. Anavalanso magalasi awo. Anatenga chitini n'kupita kukathirira mpiru, mvula ikuwaza.

Wosindikiza ndinamupeza pafupi. A Kamwendo, kalaliki wa pasukulu ya amuna anga, ankasunga makina opukusira mapepala a mayeso, ndipo ankadzitama kuti akanakhala wojambula wamkulu pakanapanda bambo awo. Ndinawapempha dona wokongola, womwetulira, tsitsi lomangidwa pamwamba. Anajambuladi, koma makinawo anali okalamba ndipo inki inayenderera. Tsitsi lomanga lija linasanduka chipewa chakuda, kumwetulira kunasanduka makwinya, ndipo dona wanga anatuluka ali nkhalamba yachimuna yoyang'ana mwaukali.

"Inkiyi ikauma azioneka bwino," anatero a Kamwendo.

Inauma, koma nkhalamba ija sinasinthe. Ine ndinangoti zojambula zamakono zimakhala choncho (anthu ophunzirafe tikapusa timapusa ndi zifukwa).

Ndinayamba kugawa. Wolukitsa tsitsi, lisiti. Wowongoletsa, lisiti. Wobwera kudzapala moto pambaula, nayenso lisiti. Mayi wina wa kumudzi analandira kapepalako ndi manja awiri, n'kufunsa kuti, "Aka ndipite nako kuchipatala?" Ndinamuuza kuti akaonetse anzake. Ambiri sanaonetse anzawo. Anakapereka kwa ogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira, ndipo abambo okalamba anapeza kuti pepala la a Kamwendo limapichira bwino fodya wa chingambwe. Posakhalitsa msika wonse unali ndi nkhalamba yanga, ina yonona mafuta, ina yopserera m'mphepete. Ine mtima unali mbee, ndikuti dzina latchuka.

Kenaka kunayamba kubwera anthu achilendo. Tsiku lina anafika bambo wina panjinga kuchokera cha ku Dzoole, dazi lake lowala ngati poto watsopano. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa chobwerera m'mbuyo.

"Mayi," ananong'ona, "ndamva kuti kuno ndiye kukusinthidwa mutu."

"Mwamva zoona, bambo."

"Ifenso kwathu tatopa nawo."

Ndinayang'ana dazi lija. "Koma inuyo mulibe poyambira."

"Poyambira tipeza, mayi, bola tikhale ambiri."

Ndinamupatsa malisiti ena kuti akagawire anzake otopawo. Inde, ndinatero. Anawabisa m'sokosi, ndipo ine ndinaganiza kuti akuopa mvula.

Linali tsiku la msika pamene zinthu zinaphulika. Pampando panga panali a Nachisale, mkulu wa amayi a chipani m'dera lathu, mayi wamkulu thupi ndi mawu, amene ankakonzekera kutsogolera gule pamsonkhano wa m'mawa mwake. Ndinali nditawongola mbali imodzi ya mutu wawo, mbali inayo ili njoo ngati chisa, pamene pakhomo panada. Anali anyamata a chipani a malaya ofiira, aja ankaima pachipata cha msika.

"Mayi, mukufunidwa ku ofesi."

"Ndimalize kaye mutuwu."

"Nkhani yake ndi ya mitu yomweyo. Tiyeni."

Ananditengera pakati pa msika, ine chipeso chidakali m'manja. Anthu amene dzulo lake ankandipatsa moni anayamba kuyang'anitsitsa tomato ngati sanamuonepo. Nankhoma yekha ndiye anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ifika ku Malomo ine ndisanafike ku ofesi.

Mu ofesimo munali a tcheyamani, a Chimphepo, atakhala pansi pa chithunzi chachikulu chija chimene chinkapachikidwa pamwamba pa zithunzi zonse m'dziko muno. Patebulo panali lisiti langa, la mafuta a zitumbuwa. Pakhomo panaima wapolisi, ndipo panja galimoto inali italoza kumsewu.

"Munalemba ndinu izi?"

"Ndine, bambo."

"Mutu wakale ndi uti?"

"Uliwonse wosapesa, bambo."

"Nanga watopa ndani?"

"Tsitsi, bambo. Likakhalitsa limatopa."

"Likakhalitsa," anabwereza a Chimphepo, n'kuuza mlembi wawo kuti alembe mawu amenewo. "Ndiye mukuitana anthu kuseri kwa msika kuti mudzasinthe chimene chakhalitsa."

Apo m'pamene nzeru za ku Mvera zinandifikira, mochedwa ngati basi ya nthawi ya dzinja. Ndinayang'ana nkhalamba ya chipewa palisiti. Maso anga, osawatuma, anakwera kukhoma. Ndinakumbukira anthu amene anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa angawa, ndipo mabanja awo ankangoti anapita kukaona abale. Ndinaganiza za Gilesi wanga, amene anali asanayambe ndi sukulu yomwe. Pazenera ndinaona amuna anga ataima panja, atanyamula bulangete ndi sopo. Munthu uja anali atalongedza kale, ndipo ndikukhulupirira kuti analongedza tsiku lomwe lija lothirira mpiru.

"Nanga uyu wavala chipewayu ndi ndani?" anafunsa a Chimphepo.

"Ndi dona, bambo."

"Dona wa makwinya?"

Ndisanayankhe, chitseko chinatseguka ndi chiphokoso. A Nachisale analowa, thaulo langa lili m'khosi, theka la mutu losalala, theka linalo litaloza kudenga. Wapolisi anayesa kubisa kuseka n'kutsamwa.

"A tcheyamani, mwanditengera munthu wanga ndili pampando. Mawa ndikavine chonchi pamaso pa alendo?"

"Mayi, pano pali nkhani yaikulu. Taonani chithunzichi."

A Nachisale anatenga lisiti lija, n'kuliyang'ana chapatali, kenaka chapafupi.

"Ine ndikuona munthu wonyansa wojambulidwa ndi munthu wosadziwa kujambula. Inu mukuona ndani?"

"Mayi, mukuona nokha kuti akufanana ndi..."

"Ndi ndani? Tchulani, a tcheyamani, mlembi alembe. Mukuti nkhalamba yonyansayi ikufanana ndi ndani?"

Mlembi anaika cholembera pansi pang'onopang'ono. Wapolisi anayamba kuwerenga malata a kudenga. Palibe amene anayang'ana kukhoma, ndipo kusayang'anako kunkachita kumveka. A Chimphepo anatulutsa kansalu n'kupukuta m'khosi.

"Ine sindinati akufanana ndi munthu," anatero. "Ndimati akufanana ndi... ndi dona. Dona wodwala."

"Basitu. Mlandu ndi wa kujambula moipa. Ndipatseni munthu wanga."

Komabe ofesi siingatulutse munthu wopanda chilango, anthu angaiderere. Anagamula kuti nditolere malisiti onse n'kuwatentha pamaso pawo, ndikonze ulere mitu ya amayi onse opita kukavina, ndipo mawu alionse amene ndidzalembe papepala aziyamba aonedwa ndi komiti.

Mitu ya amayi ija ndinaiwongola mpaka zala zinachita matuza. Koma chovuta chinali kutolera. Ndinayenda msika wonse ndi thumba, kupempha anthu mapepala amene ndinawapatsa ndekha monyada. Onse anakana kuti sanalandirepo. Wa zitumbuwa anati iye chibadwire amakulungira m'masamba a nthochi. A Kamwendo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti makina a sukulu anafa chaka chatha, ndipo iwo sadziwa kujambula ngakhale dzira. Gogo wina yekha wogulitsa mipini ndiye anandiuza zoona.

"Mwanawe, anga ndinasuta onse. Ngati muli ndale m'menemo, zili m'chifuwa muno."

Patapita milungu ndinabwerera ku ofesi kukapempha mawu atsopano (mukuona, matuza anali atapola, ndipo mtima wofuna kutchuka unali usanafe). Komiti inakhala pansi masana onse. Mawu oti "kusintha" anakanidwa. "Chatsopano" anakanidwa. "Kuwongola" anati akusonyeza kuti pali chokhota. "Kudula" sindinayerekeze n'komwe kuwatchula. Chithunzi anati chisakhalepo, ngakhale cha duwa, poti duwa limafota. Pomaliza a Chimphepo anaimirira n'kuwerenga zimene anagwirizana, ndipo onse anawomba m'manja:

MUTU NDI WOMWEWO. IFE TIMANGOPESA.

Ndinadinditsadi mawu amenewo, ndipo ndinagawa malisiti otero zaka zambiri. Chodabwitsa n'choti anthu ankawakonda. Ankawerenga, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kuwapinda bwinobwino kuika m'thumba, akubisa kuseka. Sindinafunsepo chimene chinkawaseketsa, ndipo iwo sanandiuzepo.

Mwina mukuti ndinaphunzira kumvera amuna anga akavula magalasi. Pang'ono. Koma kunena zoona, pakati pa inu ndi ine, chimene chimandiwawabe n'choti komiti ya anthu osadziwa ndi kugwira chipeso komwe inandiposa kulemba.