Makumba Anga Anakwera Kumtunda

Mpaka lero ndikaona makumba pamsika mtima umandiwawa, ndipo mkazi wanga amadziwa kuti tsiku limenelo sayenera kundifunsa za ndiwo.

Inali nthawi ija matipate atangobwera, aliyense pakamwa pali chitukuko. Ine ndinali mkamwini ku Chiringa, ndipo ndinatopa ndi kutchedwa "uja anabwera ndi njinga yokha". Ndiye ndinapempha, kudzera mwa mkazi wanga, kuti apongozi andipatse theka la dimba lawo la mpiru ndikumbepo damu la nsomba. Alamu anga a Namakhwa, achimwene a mkazi wanga, anakana kwamtuwagalu. Apongozi analola, koma anauza mkazi wangayo kuti: "Ukawauze kuti nsombazo zikapanda kuoneka, dimba langa alibweze mmene analipezera." Pachikamwini mawu otere sathera pa dimba pokha (amene munakwatira kwa eni mukundimva).

Ndinakumba mpaka manja matuza okhaokha. Tiana ta makumba ndinakatitenga m'chigubu panjinga, n'kutithira m'damu.

Amene anandisokoneza mutu ndi a Fenando, mkulu wina amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika pamudzipo. Kwawo anali msodzi wa kunyanja ya mchere. Atabwera kudzaona damu anati: "Kwathu nsomba za m'matanthwe zikaswa, tiana timatengedwa ndi madzi kupita kutali kosaoneka mtunda. Timakhala ngati nsabwe. Koma tikakulako timamva phokoso la kumatanthwe, timanunkhiza madzi, n'kusambira mpaka kupeza pokhala. Tina timafika kwawo kwenikweni."

Ine ndinati basi, nkhani ndi phokoso. M'mawa uliwonse ndinkamenya chivundikiro cha poto ndi supuni, kenako n'kuwaza gaga. Posapita nthawi tinsomba tinazolowera: ndikangoti ngwe ngwe ngwe, tonse pamwamba, kukamwa yasa. Ndinayamba kuyenda ngati mwini mudzi. Kotulukira madzi ndinatchingako ndi neti. Kolowera, kumene ngalande imachokera kumtunda, sindinaikeko kanthu (nsomba ingakwere chitunda ngati mbuzi?).

Kenako kunagwa chimvula chochokera ku Michesi. Kutacha ndinapeza damu litasefukira, madzi ali bii. Ndinamenya chivundikiro. Zii. Ndinamenyanso mpaka supuni inapindika. Ndiye ndinapinda buluku n'kuyamba kutsika ndi khwawa, ndikumenya, poganiza kuti ana anga akokoloka ndipo akungofuna kumva kumene kuli kwawo.

Masiku amenewo phokoso lililonse anthu ankati kwabwera a chipani kudzagawa nsalu. Amayi a pamudzi anasiya mitondo n'kunditsatira. Mmodzi anandipeza ndili m'matope ofika m'mawondo n'kufunsa: "Nanga akuluakuluwo aima pati?"

"Palibe akuluakulu. Ndikuitana nsomba."

Kuseka kwake sindidzakuiwala. Mkazi wanga anafika akupuma movutikira. "Bambo a Rute, bweretsani chivundikirocho, nyemba zili pamoto. Komanso amayi akukuonani."

Ndinapita kwa a Fenando nditafufuma ndi ukali. Iwo osatekeseka n'komwe. "Ine ndimanena za kunyanja, mwana wanga. Nanga kumunsiko mumakafunako chiyani? Kansomba kakamva madzi atsopano kamalimbana nawo, kamakwera." Taonani munthu wake. Za matanthwe a ku Mozambiki anandifotokozera mpaka dzuwa kupendeka, koma chinthu chimodzi chokhudza ngalande yanga anachisunga ngati mbewu.

Ngalandeyo inkachokera m'dziwe la m'dimba la a Namakhwa, limene ankatungamo madzi othirira tomato. Ndinawapeza ali pomwepo.

"Alamu, makumba anga ali m'dziwe mwanu."

"Anu? Munawasinda chizindikiro? Aitanenitu, si paja amakumverani."

Ndikanakhala wanzeru ndikanabwerera. Koma ndinathamangira kunyumba, ndinalandanso chivundikiro chija, n'kudzachimenya pamaso pawo. Tinsomba tonse tinabwera pamwamba, kukamwa yasa, dziwe lonse kuchita kunyezimira. Tinandiyang'ana, tinadikira gaga, kenako tinamira. Palibe ndi kamodzi komwe kamene kanalowera kungalande.

"Zikomo alamu," anatero a Namakhwa. "Sindimadziwa kuti ndi ambiri chonchi."

Mlandu ndikanakasuma kwa ndani? Dziwe ndi lawo, dimba limene ndinakumbamo damu ndi la amayi awo, mudzi ndi wawo. Damu ndinalikwirira ndekha ndi khasu lomwe ndinakumbira, apongozi atakhala patali pamthunzi kuonetsetsa kuti mizere ya mpiru yabwerera m'malo mwake.

Itakwana nthawi yokolola chimanga, mkazi wanga anandiikira mbale ya makumba onona, akulu ngati chikhatho. Anayang'ana kumbali n'kunena motsitsa: "Achimwene apatsa amayi. Ndiye amayi akuti nanunso mulaweko, muone mmene mwana wawo amawetera nsomba."

Ndinadya mpaka mitu yomwe, chifukwa gaga woyamba anali wanga. Koma zikomo sindinanene. Anakandinenera ndi mkazi wanga, ndipo mpaka pano sindinamukhululukire.