Kapeti Wofiira ndi Dzanja la Mayi Zikomo

Kwa Bwana Mkulu Woona za Maonekedwe a Kampani,
Ofesi ya Pamwamba, Kumapeto kwa Masitepe.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti munthu wonunkha utsi wa mawaya ngati ine ndikukulemberani. Ndine uja wa pa tebulo lachinayi m'chipinda chokonzera makompyuta, amene tsiku lina munandifunsa ngati ndine mlonda watsopano. Ndagwira ntchito pano zaka khumi. Ndinakwera masitepe kawiri kuti ndidzakuoneni, koma mlembi wanu anati muli pa msonkhano wosankha makatani. Ndiye ndangoimata kalatayi pachitseko cha kantini, pamene mumadutsa mukamaonetsa alendo malo.

Lachisanu likubwerali mukuchotsa ntchito alamu anga, akazi a malemu achimwene anga. Kuno timawatchula Mayi Zikomo, chifukwa ngakhale muwaponde phazi amathokoza. Kalata yanu ikuti makompyuta khumi ndi asanu ndi awiri afera m'manja mwawo pa miyezi itatu, ndipo ali ndi "dzanja losasamala". Sindikutsutsa, Bwana, ndine yani ine? Ndangoti asanapite ndikuthokozeni chifukwa cha zabwino zimene mwatichitira pa miyezi itatu yomweyo.

1. Zikomo chifukwa cha kapeti wofiira. Kale tinkaponda simenti ngati anthu wamba. Lero timayenda ngati akwati, kuchokera pakhomo la sitolo yosungira zipangizo mpaka pa tebulo lomaliza. Kungoti kapeti wanu ndi wopatsa kwambiri. Munthu akamayendapo, nsapato zikukhula ubweya wake, thupi limatola magetsi, omwe aja amathetheka mukamavula juzi. Saoneka, salemera, amangokhala phee kudikira kuti mukhudze chitsulo, atulukire kuchala. Kwa munthu zili ngati kulumidwa ndi nyerere basi. Koma m'kompyuta muli bolodi lobiriwira, ndipo pa bolodilo pali tizipangizo takuda tokhala ndi tinjira tochepa kuposa tsitsi. Kwa timeneti imeneyo ndi mphezi. Ndipo kamphezi kokwanira kupha bolodi n'kakang'ono moti chala sichikamva n'komwe. Ndingokukumbutsani kuti tebulo lomaliza ndi la Mayi Zikomo, ndipo kuchokera ku sitolo amayenda mapazi makumi anayi pa kapeti wanu.

2. Zikomo chifukwa cha yunifolomu ya nayiloni. Ya thonje ija inali yakalekale ndithu, inkangotisunga ife ndi makompyuta amoyo, koma sinkanyezimira pa chithunzi. Iyi imanyezimira. Imalankhulanso: ukatambasula mkono imati the-the-the. Mapepala amaikonda zedi. Sabata yatha fomu ya tchuthi ya mnzathu wa pa tebulo lachitatu inasowa, tinaifuna tsiku lonse, osadziwa kuti yakakamira kumsana kwa mkulu wa sitolo. Anapita nayo kwawo, ndipo akazi awo ndi amene anawafunsa kuti tchuthi chimenechi akupita nacho kuti, nanga ndi ndani.

3. Apa ndiye ndikugwada. Munatimasula ku malamba a pamkono. Munati alendo akationa tili ndi lamba padzanja, waya wake utalowa pansi pa tebulo, amaganiza kuti kampani imamanga antchito ngati mbuzi. Mtima wachifundo ngati wanu ndi wosowa. N'zoona kuti wayayo ndi amene ankatsitsira magetsi aja pansi tisanakhudze bolodi, koma munthu waufulu sangadandaule zazing'ono ngati zimenezo. Munatolera malamba onse m'katoni, pamodzi ndi mphasa za labala za pa matebulo, zimene munati n'zakuda ngati za pamaliro. Ndasangalala kuona kuti mawaya ena sanatayike. Ndi amene amangira maluwa a pulasitiki pakhomo lalikulu, ndipo mpaka lero palibe duwa limene lagwidwa ndi magetsi.

4. Makina oziziritsa mpweya aja akugwira ntchito yotamandika. Aumitsa mpweya, aumitsa milomo yathu, ndipo magetsi a m'thupi amakonda pouma kuposa china chilichonse. Munawaika pamwamba penipeni pa tebulo lomaliza.

5. Ndalandiranso chidziwitso chanu chodandaula kuti antchito a pansi ayamba mwano, chifukwa mukadutsa amabisa manja kumbuyo m'malo mokupatsani moni. Bwana, si mwano umenewo, ndi chikondi. Kuno moni wa m'manja unatha mwezi woyamba. Mkulu wa sitolo anapatsa moni mayi wolandira alendo, pakati pa zala zawo panati the! Mayiyo anaganiza kuti amubaya ndi phini, ndipo anabweza ndi fayilo kumutu. Anthu amene anayimbira limodzi kwaya zaka zisanu ndi ziwiri pano amangogwedezerana mitu patali. Chitseko timatsegula ndi chigongono. Wofika koyamba m'mawa amaima pakhomo n'kumayerekeza kumanga nsapato, kudikira kuti wina ayambe kugwira chitsulo cha pachitsekocho. Inuyo simunamvepo zimenezi chifukwa zitseko amakutsegulirani.

Tsopano mungafunse, poti ndinu wanzeru, kuti ngati kapeti ndi wa tonse, yunifolomu ndi ya tonse, bwanji makompyuta akufera pa tebulo limodzi lokha? Apa ndiyenera kuulula tchimo, ndipo anzanga andikhululukire. Tonsefe timakunamizani. Mukangokwera masitepe, timavula nsapato n'kupinda manja a yunifolomu. Kapeti timamulambalala, timadutsa m'mphepete mwa khoma mmene munatsala simenti, mmodzimmodzi ngati akuba. Ine ndisanakhudze bolodi ndimayamba ndagwira paipi ya madzi ya kuseri kwa tebulo langa, kuti magetsi atsikire pansi. Wa pa tebulo lachiwiri sanapereke lamba wake: amamuvala kumwendo, mkati mwa sokosi. Tikamva nsapato zanu, zonse zimabwerera m'malo mwake, n'kukumwetulirani.

Pa anthu asanu ndi anayi, mmodzi yekha ndi amene sakunamizani. Mayi Zikomo anawerenga malamulo anu onse n'kuwasunga. Amamanga mabatani mpaka pakhosi. Amayenda pakati penipeni pa kapeti, chifukwa munalemba kuti kudutsa m'mbali kumaonetsa kusayamika. Lamba wawo anapereka tsiku loyamba, atamupukuta. Ndinawakokera pambali kangapo konse, ndinawauza kuti alamu, vulani nsapatozo, gwirani paipi. Anandiyankha kuti iwo ali ndi ana atatu ndipo alibe mwamuna wowagwira pamsana, ndiye sangasewere ndi zimene bwana analemba ndi dzanja lawo. Zaka khumi ndi chimodzi asanabwere kapeti sanaphepo kompyuta ngakhale imodzi. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kugwira bolodi m'mphepete. Choncho Lachisanu mukuchotsa wantchito mmodzi yekhayo amene amakumverani, ndipo mukusunga ife asanu ndi atatu amene timakuberani ulemu tsiku ndi tsiku.

Pali chinanso chimene mwina sichifika kumapeto kwa masitepe. Chibwerere kalata yanu, anthu a m'maofesi ena ayamba kunong'ona kuti dzanja la mayiwa lili ndi kanthu. Ku kantini kapu imene amwera tiyi amaiika payokha. Wina anawauza kuti asakhudze foni yake. Iwo amasamba m'manja kakhumi pa tsiku mpaka khungu kuyera, ndipo Lamulungu anapita kukapemphereredwa zala. Dzulo nthawi ya nkhomaliro ndinawapeza okha pa tebulo, atatambasula zikhato, akuziyang'ana, misozi ikugwera pa nayiloni wanu. Anandifunsa ngati achimwene anga anandiuzapo kuti manja awo ali ndi tsoka. Zinandipweteka, Bwana. Ndakwiya kwambiri, ngakhale ndakwiya mwaulemu, monga mwa malamulo a kampani.

Pempho langa ndi laling'ono, lolingana ndi msinkhu wanga. Lachinayi m'mawa, ngati makatani alola, mutsike. Takusungirani yunifolomu yaikulu bwino, yatsopano. Mumange mabatani mpaka pakhosi. Muyambire pakhomo la sitolo, muyende pakati pa kapeti wanu ndi nsapato zanu zonyezimirazo, mapazi makumi anayi, mpaka pa tebulo lomaliza. Pamenepo mudzapeza kompyuta yanu ya m'manja, ija muli lipoti lanu la chaka chino ndi zithunzi zonse za kapeti, titaitsegula kale kumimba. Mudzakhudze bolodi lake ndi chala chimodzi, mofatsa, monga amachitira Mayi Zikomo. Mudzabwereze ulendowu katatu kokha, iwo amauyenda kamakumi awiri pa tsiku.

Ikadzayaka, ndidzanyamula ndekha katundu wa alamu anga mpaka pageti, ndipo ndidzabwerera kudzatenga wanga.

Mukaona kuti kompyuta yanuyo mukuimvera chisoni, musavutike n'kutsika. Mungotumiza katoni ya malamba ija, mung'ambe kalata ya Lachisanu, ndipo ife tidzauza alendo onse kuti nzeru imeneyi inachokera kwa inu.

Koma mukatsika, n'kukhudza, kompyutayo n'kungokhala chete, musadzataye nthawi kulemba kalata ina. Ya alamu anga munailemba bwino kwambiri, mawu oti "dzanja losasamala" ali kale pamalo pake, pangofunika kusintha dzina. Ndipo musadzaope chitseko cha pageti potuluka. Mayi Zikomo adzakutsegulirani ndi dzanja lawo lomwelo, ndipo mmene ndimawadziwira, adzakuthokozani.

Ine wanu wodzichepetsa, wolemba ali chiimire, wopanda nsapato, dzanja lina lili pa paipi,

Wa pa Tebulo Lachinayi
(amene si mlonda)